Masiku atatu ku Mangochi: kupatula kusamba m'nyanja, tikaone chiyani?

Make Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa eni dera. Pa holide ya Tsiku la Anakubala tikubwera ku Mangochi kuchokera ku Lilongwe, ine, bambo a kunyumba, ana awiri ndi apongozi anga aakazi. Chaka chatha tinabweranso koma tinangobindikira pa loji, ana m'madzi, ife pa chambo, mpaka tsiku lonyamuka. Tili m'njira mwana wanga wamkulu, ali Fomu 2, anandifunsa kuti Fort Johnston yomwe ili m'buku lawo ili kuti poti pa mapu sakuiona. Ndinamuuza kuti akafunse aphunzitsi ake. Kenako ndinadzamva kuti tinali titagona makilomita ochepa kuchoka pamalopo. Manyazi ake! Ulendo uno tili ndi masiku atatu ndi galimoto yaing'ono. Tikaone chiyani?

Kabaza wa pa Mlatho: Kkkk mayi, Fort Johnston ndi pomwe ndaima panopa ndikudikira kasitomala. Ndi Mangochi boma yomweyi, anangosintha dzina.

Make Tadala: Ndiye mukundiwonjezera manyazi achimwene.

Kabaza wa pa Mlatho: Musadandaule, si inu nokha. A ku Lilongwe amalowera ku Golomoti n'kukhotera ku Cape Maclear, a ku Blantyre amaima pa boma kuthira mafuta ndi kugula madzi oundana basi, ulendo ku Nkopola. Wotchi ija amangoizungulira ngati chulu.

Che Mwalimu wa ku Namwera: Make Tadala, takulandirani. Ndinaphunzitsa mbiri zaka zambiri ndisanapume, ndiye mundikhululukire ndikatalikitsa. Tsiku loyamba musapite kutali. Imikani galimoto pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, mutsike, muyende pansi. Pamalo amenewo pali zinthu zitatu zoyandikana moti apongozi anu sangatope.

Choyamba ndi nsanja ya wotchi ya njerwa, anaimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Tauniyi inayamba mu 1891 ngati linga la asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ndipo linga loyambalo linali kutsidya kwa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa mfumu Mponda. Boma linadzasamukira tsidya lino pambuyo pake. Mwana wanu akafunsa kuti bwanji anasankha pamenepo, mukwere naye pa mlatho ayang'ane madzi. Kumpoto kuli nyanja ya Malawi, kummwera kuli Malombe, pakati pake Shire ndi kakhosi chabe. Ambiri ochoka kumadzulo ndi minyanga ya njovu kapena akapolo kulowera kunyanja ya mchere ankaoloka cha pomwepo, ndipo sitima iliyonse yolowa m'nyanja kuchokera kumunsi inkadutsa pomwepo. Wogwira khosi limenelo ndiye anali mwini malonda. Mponda anazindikira zimenezi kale azungu asanabwere.

Chachiwiri ndi mzinga uli pambali pa nsanjayo. Unali pa sitima yankhondo ya Angerezi ya Gwendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Kaputeni Rhoades anapita nayo sitimayo ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann yomwe inali pamtunda akuikonza. Kaputeni wa Majeremaniyo anali mnzake wa Rhoades womwa naye, ndipo uthenga woti kwayamba nkhondo unali usanamufike. Akuti anapalasa kabwato kubwera akulalata, akuganiza kuti mnzakeyo waledzera, ndiye anamugwira pomwepo kukhala mkaidi. Ana a sukulu ankaseka kwambiri ndikafika pamenepa.

Chachitatu sichoseketsa. Pali chikumbutso cha sitima ya Vipya yomwe inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto, kufupi ndi Chilumba. Inali yatsopano, paulendo wake wachinayi chabe, inakumana ndi mwera. Anthu 145 anafera m'madzi. Ambiri anali Amalawi omwe anakwera m'chipinda cha pansi.

Make Tadala: Zikomo kwambiri bambo. Ndakopera zonse. Nanga nyumba yosungiramo zinthu zakale ija ndimamva ili pomwepo?

Che Mwalimu wa ku Namwera: Ili pafupi, mungoyenda pansi. Ndi Lake Malawi Museum, m'nyumba yomwe kale inali kalabu ya azungu ya Gymkhana. Si yaikulu. Muli za sitima za panyanja, zipangizo za asodzi, ndi zina za pa Gwendolen yomweyo. Ola limodzi likukwanani. Poti mukubwera pa holide, muyambe mwafunsa ngati adzatsegule tsikulo. M'tauni momwemo mulinso manda a asilikali a nkhondo yoyamba ija, osamalidwa bwino.

Kabaza wa pa Mlatho: Ndiwonjezere za ine zosalembedwa m'buku. Pa mlathopo mukwere cha m'ma 5 madzulo, osati masana. Okutobala wa kuno si wamasewera, phula limachita kunyambita nsapato. Madzulo mudzaona mabwato akutsetsereka, amayi akuchapa m'mphepete, ife a njinga tili mdipiti m'kanjira kathu ka m'mbali, kenako azana akuitana ku mzikiti waukulu. Zimenezo n'zaulere. Koma ana asayerekeze kuviika phazi mu Shire, muli ng'ona ndi mvuu, si za nthano ayi.

Wa ku Joni: Ndawerenga zonse ndili kuno ku Johannesburg, mtima wawawa pang'ono. Che Mwalimu, ndi ulemu wonse, taonani zomwe mwatchula. Wotchi ya Victoria. Mzinga wa Rhoades. Kalabu ya azungu. Dzina la Johnston. Ine ndinabadwira kwa Chimwala, ndakwera njinga kudutsa pa wotchipo kambirimbiri, palibe chomwe chimandiuza za agogo anga. Mwana wa mayiwa adzabwerera ku Lilongwe akudziwa mayina a azungu anayi, wa kuno ngakhale mmodzi ayi. Ndiye mbiri ya Mangochi imeneyo?

Bwande wa ku Chembe: Aise wayamba ndale.

Wa ku Joni: Si ndale, ndi funso.

Che Mwalimu wa ku Namwera: Funso labwino mwanangu, ndipo sindikutsutsa. Omanga ndi njerwa ndi amene amasiya choloza. Athu ankamanga ndi mitengo ndi dothi, chiswe chinadya. Koma n'chifukwa chake ndimati tsiku lachiwiri aoloke mlatho. Alendo ambiri saoloka, ngati kuti Mangochi amathera pa Shire.

Make Tadala, mukaoloka mutenge msewu wa ku Namwera ndi Chiponde. Mudzakwera mapiri a kwa Chowe, msewu wokhotakhota, galimoto yaing'ono imakwera bwinobwino poti ndi phula. Mukafika pamwamba mupeze poima pabwino, mutembenuke. Nyanja ziwiri zonse zili pansi panu, Shire akuoneka ngati ulusi wozilumikiza, migwalangwa ili mbuu m'chigwa chonse. Ine ndadutsapo zaka zonsezi koma ndimapemphabe dalaivala achepetse liwiro.

Kutsogolo kwake kuli phiri la Mangochi, lomwe linapereka dzina ku boma lonse. Pamenepo ndi pomwe panali mudzi wa mfumu Jalasi, azungu ankalemba kuti Zarafi. Mu Febuluwale 1892 asilikali a boma la atsamunda anakwera kukamuthira nkhondo, anawabweza chothawa, mpaka anawalanda mzinga. Anakhala nawo mzingawo zaka zitatu. Anadzamugonjetsa mu 1895, ndipo pofuna kuti asabwererenso anamanga linga lawo pamalo pomwepo. Makoma ake amiyala alipobe mpaka lero m'nkhalango ya Mangochi, okhuthala moti munthu ungayende pamwamba pake, mitengo inamera mkati. Ndiye wa ku Joni, ukaima pamenepo usaone linga la mzungu lokha. Udzifunse kuti ankaopa ndani kuti amange khoma lotero pamwamba pa phiri.

Chimodzimodzi kwa mfumu Makanjira. Kaputeni Cecil Maguire anaphedwa kumeneko mu Disembala 1891 akufuna kuwononga zombo za Makanjira, ndipo linga lomwe anadzamanga kumeneko analitcha Fort Maguire. Dzina ndi la wogonja pa tsikulo, wopambana sanalembedwe pakhoma. Koma kumeneko sindikukutumizani, msewu wa ku Makanjira ndi wautali ndipo ungakuphereni galimoto.

Anganga a ku Malindi: Che Mwalimu, mwafotokoza bwino koma mwadumpha pena. Mafumu mukuwatamawo ankalimbirana chiyani? Si ufulu wokha ayi. Ankagwira anthu n'kumakagulitsa. Ife a m'mbali mwa nyanja, agogo athu ankatiuza za kuthawira m'mabango usiku, mwana akalira kumutseka pakamwa. Mwana wa Make Tadala amve zonse ziwiri.

Che Mwalimu wa ku Namwera: Mayi, mwanena zoona ndipo sindinafune kubisa. Mponda, Makanjira ndi Jalasi onse analemera ndi minyanga ndi akapolo, ankagula mfuti ndi nsalu kuchokera kwa amalonda a kugombe la Kilwa ndi Quelimane. Ine ndine Myao, ndimaziphunzitsa m'kalasi momwe muli zidzukulu za ogwira ndi za ogwidwa, nthawi zina mwana mmodzi yemweyo magazi onse awiri. Johnston naye sanabwere ndi chifundo chokha, ankafuna dziko ndi msonkho. Zonsezo zichitikire pa phiri limodzi.

Wa ku Joni: Apa ndiye mwayankhula. Ine zomwe ndimadana nazo ndi zoti nkhani ngati imeneyi uimve pa foni kwa munthu wopuma ntchito, pamalo pake penipeni palibe ngakhale chikwangwani chokuuza.

Admin: Zokambirana zili bwino, koma tisalowe za mitundu chonde. Tiwathandize mayiwa ulendo wawo.

Make Tadala: Ayi a Admin, ine ndikupindula. Koma funso langa ndi la miyendo. Ku lingako galimoto imafika? Apongozi ali ndi zaka 71 ndipo bondo limawavuta.

Che Mwalimu wa ku Namwera: Sifika. Mumasiya galimoto kumudzi m'munsi n'kukwera wapansi, ndipo ndi chitunda chenicheni, kupita ndi kubwera kumadya theka la tsiku. Pamafunika munthu wa m'mudzimo wokutsogolerani, tinjira n'tambiri. Apongozi asayesere. Bambo ndi mnyamata wamkuluyo angathe akanyamuka m'mamawa ndi madzi okwanira. Mulonjere kaye kwa amfumu a pamudzipo musanakwere, ndi mwambo komanso ndi iwo angakupatseni mnyamata wodalirika. Cha kwa Majuni, m'mbali mwa msewu womwewo, muli thanthwe looneka ngati chigaza cha munthu, limenelo apongozi adzalionera pawindo.

Anganga a ku Malindi: Ndiye amuna akakwera phiri, inu ndi apongozi ndi wamng'onoyo bwerani kwathu. Mukaoloka mlatho mumakhotera kumanzere, si patali. Malindi ndi mishoni yakale ya Anglican, ya bungwe la amishoni la UMCA. Pali tchalitchi, chipatala cha St Martin's, sukulu ya atsikana ya St Michael's, zonse m'mphepete mwa madzi, phiri lili kumsana. Kuno dzuwa limalowera m'nyanja, pomwe a ku Nkopola amaliona likutuluka. Mchenga wathu ulibe phokoso la ma spika.

Ndipo wa ku Joni amene akufuna dzina la munthu wa kuno, nali: Henry Masauko Chipembere. Kwawo ndi kuno, bambo ake anali wansembe wa Anglican. Atasemphana ndi Kamuzu mu 1964 anabwerera kuno n'kulowa m'mapiri akumsanawa. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsika ndi anthu ake, analanda boma la Fort Johnston, anatenga mfuti ku polisi, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya linalo, poti nthawi imeneyo panalibe mlatho. Zinathera pomwepo. Iye anadzamwalira ku America mu 1975. Zomwe anaona anthu a midzi ya kuno pambuyo pake, ine ndinali kamtsikana, koma ndimakumbukira akuluakulu akusiya kulankhula mlendo akangotulukira pabwalo. Dzina limenelo sitinkalitchula ngakhale m'nyumba.

Wa ku Joni: Anganga, zikomo. Izi kusukulu sanatiphunzitse bwino.

Kabaza wa pa Mlatho: Ndiye kuti polisi ndimadutsa tsiku lililonse ija inalandidwapo? Kkkk ndiziyenda mwaulemu.

Bwande wa ku Chembe: Mwamaliza za nkhondo? Tsopano ndilankhule ine wa kumadzi. Mayi, tsiku lachitatu ndi la ku Cape Maclear, ndipo ndi njira yanu yobwerera, mukatuluka mumangolowera ku Golomoti. Kuchoka pa boma kufika ku Monkey Bay ndi ola limodzi ndi pang'ono. Musanafike m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano yolowera kumanzere, makilomita 18 kudutsa m'mapiri a paki mpaka m'mudzi wa Chembe.

M'njiramo muime pa Mwala wa Mphini. Ndi chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yozama yopingasana, ngati mphini zomwe agogo athu ankatema kumaso. Alendo amalimbana nane kuti anasema ndi anthu. Akatswiri a miyala amati ndi chilengedwe, mwala unang'ambika wokha n'kumadyeka ndi mvula ndi dzuwa. Akuluakulu a kuno ali ndi zawo zomwe amanena. Apongozi anu akakaona adzakuuzani okha mbali yomwe ali.

Mukafika kumudzi mukhotere kumanzere kulowa m'paki, cha ku Otter Point. Pakhomo mumalipira, mtengo wa Amalawi ndi wotsika kusiyana ndi wa alendo akunja, tengani zitupa. Paki imeneyi, Lake Malawi National Park, anaikhazikitsa mu 1980 ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, chifukwa cha nsomba osati njovu kapena mikango. Mkatimo muli manda a amishoni. Mishoni ya Livingstonia inayambira pano mu 1875, Dr Robert Laws ndi anzake atafika pa sitima yaing'ono ya Ilala, yoyamba ya injini kuyenda panyanja ino. Malungo anawatha. Dr William Black anamwalira mu 1877. Pofika 1881 anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, ndipo anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe komwe kuli Livingstonia ya lero. Manda ali pansi pa phiri, pamthunzi, malo a zii. A CCAP ambiri amafika pamenepo n'kuyamba nyimbo okha.

Make Tadala: Apongozi ndi a Mvano, ndiye mwawagwira pamtima. Adzafuna kuvala yunifolomu.

Che Mwalimu wa ku Namwera: Bwande wafotokoza bwino. Ndiwonjezere kuti si azungu okha anagona pamenepo. Mu 1876 kunabwera alaliki achikuda ochokera ku Lovedale ku South Africa, mmodzi mwa iwo William Koyi amene anadzagwira ntchito pakati pa Angoni. Mnzake Shadrach Mngunana anamwalira ku Cape komweko. Wa ku Joni, ona, anthu a kumene uliko anayamba ndi iwo kubwera kuno. Dzina loti Maclear analipereka ndi Livingstone, potcha mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, yemwe sanapondeko n'komwe.

Wa ku Joni: Mwaonatu, dzina lina la munthu woti sanafikeko kkkk. Ine ndizingoti ku Chembe.

Bwande wa ku Chembe: Ifenso timati ku Chembe aise. Ndipitirize. Mukatha manda mukwere boti kupita ku chilumba cha Thumbi, mphindi zochepa chabe. Kumeneko ndi kwa mbuna, tinsomba ta m'miyala, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere. Mwana amangovala galasi la m'madzi n'kuviika nkhope, madzi ofika m'chiuno, tinsomba tili yakaliyakali kuzungulira miyendo. Nyanja ino ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za mtundu umenewu, yambiri sipezeka kwina kulikonse, ndipo mbuna za pa chilumba china zimasiyana mtundu ndi za chilumba choyandikana nacho chifukwa sizidutsa pamchenga poyera, zimakakamira miyala yakwawo. Pobwerera woyendetsa amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'mwamba, nkhwazi imachoka mumtengo, mapiko tambasu, kutola nsomba ija pamadzi osanyowa n'komwe. Ndazionapo kosawerengeka koma alendo akakuwa nanenso ndimakuwa.

Zilumba zina ndi Domwe ndi Mumbo, koma kwa tsiku limodzi Thumbi yakwana.

Mayi Nasibeko: Ndilowererepo pa nkhani ya boti, poti ine inandiwawa. Tinapita ndi ana a Sande sukulu, tinagwirizana mtengo ndi mnyamata wina pagombe, pakamwa pokha. Titafika pachilumba anati mtengo uja unali wopita, wobwerera ndi wina, ndiponso nsomba ya nkhwazi ndi yapadera. Ukakana utani uli pakati pa madzi ndi ana a eni? Majekete opulumutsira analipo anayi, ife tinali khumi ndi awiri. Make Tadala, mugwirizane zonse musanakwere: kupita, kubwera, magalasi, nsomba, nthawi yokhala. Muwerenge majekete ndi maso anu. Ndalama yonse musapereke poyamba.

Bwande wa ku Chembe: Pepani mayi, zimenezo zimatichititsa manyazi tonse. Operekeza alendo ovomerezeka alipo, amakhala ndi chitupa. Funsani pa loji pomwe mwafikira akuitanireni, osangotengana ndi aliyense wokupezani pamchenga. Ndipo boti ndi la m'mawa, mphepo isanadzuke. Mwera weniweni ndi wa miyezi yozizira, Okutobala nyanja imakhala yofatsa, komabe masana imatha kusintha.

Namwino wa pa Gulu: Za likodzo musaiwale. M'madzi osayenda, momwe muli mabango ndi udzu komanso pafupi ndi pomwe anthu ambiri amachapa ndi kusamba, ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa matendawa. Ana asambe kumiyala pomwe mafunde akumenya. Mukabwerera, pakatha milungu ingapo, kayezetseni, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapezeka. Neti ya udzudzu muonetsetse kuti ilipo pomwe mukugona. Amishoni a Bwande aja anaphedwa ndi udzudzu womwewu.

Make Tadala: Kkkk anamwino mwandiopseza bwino. Nanga Ilala tingaione? Wamng'onoyo amakonda sitima.

Bwande wa ku Chembe: Kwawo kwa Ilala ndi pa doko la Monkey Bay. Imeneyi si ya amishoni ija, ndi ina. Anaipanga ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, anailumikiza pa Monkey Bay pomwepo n'kuyamba kuyenda mu 1951, mpaka lero ikadali m'madzi. Kawirikawiri imanyamuka Lachisanu m'mawa kupita kumpoto n'kubwerako pakati pa sabata yotsatira, ndiye zitengera tsiku lomwe mwafika. Padoko ndi malo otetezedwa, mupemphe chilolezo pageti, musangoyamba kujambula.

Anganga a ku Malindi: Mukafunsenso za Chauncy Maples pomwepo. Ndi sitima ya mishoni yathu, anaitcha dzina la bishopu yemwe anamira m'nyanja mu 1895. Nayo inachokera ku Glasgow m'zidutswa, anthu anasenza pamutu kudutsa mathithi a Shire, boyila yake anachita kukoka amuna mazana. Anailumikiza kwa Mponda, inalowa m'madzi mu 1901. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyenda. Mwamuna wanga malemu ankati ndi agogo a sitima zonse za panyanja pano.

Che Mwalimu wa ku Namwera: Kwa Mponda komweko, mphindi zochepa kuchoka pa boma, ndi pomwenso Akatolika anayamba kuyesa mishoni m'dziko muno. Ansembe a White Fathers anafika mu 1889, anachoka mu 1891 osaphula kanthu. Livingstone naye anaolokera pamenepo mu 1866. Mudzi umodzi, nkhani zonsezo. Ukadutsa lero umangoona ana akusewera mpira ndi usipa uli pa thandala.

Kabaza wa pa Mlatho: Inu mwawadyetsa mbiri yokhayokha anthuwa, adya chiyani? Mayi, chambo chenicheni chikusowa masiku ano ndipo chadula, ku Malombe komwe kunkachokera chambiri kunatsala kambuzi. Wina akakugulitsani chotchipa kwambiri m'mbali mwa msewu, tsegulani makha muone ngati ali ofiira, maso akhale owala. Kampango wowotcha ndi mpunga simungadandaule. Malambe gulani kuno, ku Lilongwe mumagula katatu mtengo wake. Mphasa ndi zipewa za mlaza zili m'njira ya ku Monkey Bay.

Wa ku Joni: Aise usatchule kampango, kuno tikudya nkhuku ya m'firiji.

Mayi Nasibeko: Ndipo malo ogona musungitsiretu panopa. Sabata ya Anakubala gombe lonse kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape limadzaza, mitengo imakwera. Mufunsenso ngati malowo ali ndi mchenga, poti madzi atakwera mu 2024 malo ena gombe linamira, zithunzi zomwe amaika pa Facebook ndi zakale.

Bwande wa ku Chembe: Zoona. China chomwe ndinaiwala, chokomera mnyamata wa Fomu 2: mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkatera ku Cape pa ulendo wochoka ku England kupita ku Johannesburg. Alendo ankagona pa hotela yomwe inali cha ku Golden Sands, m'paki muja. Zinangotha chaka chimodzi. Ndiye wa ku Joni, ukanabadwa kale ukanakwerera pakhomo, osati masiku atatu pa basi kudzera ku Tete.

Wa ku Joni: Akanandilola kukwera ndani nthawi imeneyo kkkk.

Make Tadala: Ndabwerako abale, ndati ndisakhale ngati mlendo wosatsanzika. Tsiku loyamba tinachita monga ananenera Che Mwalimu. Apongozi anaima nthawi yaitali pa chikumbutso cha Vipya, kenako anati mayi awo ankaimba nyimbo ya maliro yotchula sitima, sankadziwa kuti ndi iti. Sitikudziwa ngati ndi yomweyo, koma anakhala chete mpaka pa mlatho. Ku linga sanafike, bambo a Tadala anayang'ana phiri, anayang'ana dzuwa, anati bondo la amayi awo lawalowa iwo. Tinathera pa Chowe kujambula nyanja ziwiri, kenako ku Malindi, komwe tinakhala pamchenga mpaka dzuwa kulowa. Ku Thumbi wamng'ono anakana kutuluka m'madzi, ndipo anyani a m'paki anatilanda buledi wathunthu ndili chigwirire. Majekete ndinawerenga, Mayi Nasibeko, analipo asanu ndi limodzi. Ilala tinaiphonya ndi tsiku limodzi. Tadala akuti ndifunse Che Mwalimu kuti mzinga womwe Jalasi analanda uja unapita kuti.

Che Mwalimu wa ku Namwera: Atamugonjetsa mu 1895 anaupeza pamudzi pake n'kuutenganso. Muuzeni abwere Juni kukazizira, ndidzamupezera mdzukulu wanga akwere naye, bambo akewo adzatsale ndi ine pansi pa mtengo.

Kabaza wa pa Mlatho: Ndiye munadutsa pa wotchi osandifunsa mayi? Ndinali pomwepo, njinga ya mpando wofiira.